Nyumba ya maofesi imayamba kusunga magetsi ikadali papepala

M'phunziro lathu la kamangidwe ka mizinda kuno ku Zomba, chigawo chino takhala tikuunika mapulani a nyumba za maofesi zimene zimamangidwa m'madoko akale amene akukonzedwanso. Chimene chandikhazikika mumtima n'chakuti kuchuluka kwa magetsi amene nyumba idzadye kumadziwika wojambula mapulani asanaike pansi pensulo yake, pakuti iyeyo ndiye amasankha kumene mazenera adzayang'ane, kukhuthala kwa makoma ndi njira imene mphepo idzadutse. Makoma aatali akayang'ana kumpoto ndi kummwera, dzuwa la m'mawa ndi la madzulo, lomwe ndi lovuta kulitchinga, limangomenya mbali zing'onozing'ono za nyumbayo.

Chitsanzo chimene ndakhala nacho nthawi yaitali ndi No. 1 Silo, nyumba ya maofesi imene inamalizidwa mu 2013 pa doko la V&A Waterfront mumzinda wa Cape Town, pafupi ndi nkhokwe yakale ya mbewu imene inasandutsidwa malo oonetserako zaluso mu 2017. Nyanja ya Atlantic ndi yozizira kwambiri kumeneko, choncho amisiri anaika mapaipi okoka madzi a m'nyanja kuti achotse kutentha kwa m'nyumbamo, ndipo madziwo akagwira ntchito yake amabwerera kumene anachokera. Magalasi a nyumbayi ndi ophatikiza, mzere wakunja ndi wam'kati, ndipo pakati pake pali zotchingira dzuwa, kotero kuti kuwala kumalowa koma kutentha kwambiri kumatsalira kunja.

Komabe nzeru imeneyi siingangotengedwa n'kuikidwa ku Mangochi kapena ku Salima, chifukwa madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malawi ndi ofunda chaka chonse. Ichi n'chifukwa chake ndikuona kuti Eastgate Centre, nyumba ya maofesi ndi masitolo ya ku Harare, yomwe inatsegulidwa mu 1996, ili ndi zambiri zotiphunzitsa ife. Katswiri wake, Mick Pearce, anatengera mmene mpweya umayendera m'chulu cha chiswe: usiku mafani amakankhira mpweya wozizira m'mipata ya konkire, konkireyo imasunga kuzizirako, ndipo masana mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a padenga.

Zina mwa zimenezi timazidutsa tsiku ndi tsiku osaziganizira. Nyumba zakale za boma zimene zinatsala muno likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 zili ndi makonde aakulu, makoma okhuthala a njerwa ndi siling'i yapamwamba. Mwezi wa Okutobala, munthu akagwira khoma lam'kati masana amapeza kuti ndi lozizira, ngakhale malata akulira ndi dzuwa.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo maofesi odalira makina oziziritsa mpweya anasanduka olemeretsa ogulitsa dizilo wa majenereta. Mu lipoti limene ndikulemba, ndaika mthunzi ndi kayendedwe ka mpweya patsogolo, sola pambuyo pake, ndipo makina oziziritsa ndawasiyira zipinda zochepa zokha, monga chosungiramo makompyuta.