Loweruka lomwe amayi anadya nsima ya ku Italy

Ndangofika kumene, mapazi ali zii ndi kuzizira, amayi agona kale kuchipinda kwa ana. Ndilembe msanga zisanandithawe m'mutu.

Kunacha ndi chifunga moti kuchokera kwathu kuno ku Matawale phiri la Zomba silinkaoneka n'komwe, ngati wina walinyamula usiku. Ogasiti wayamba ndi mphepo yake. Mchimwene wanga wamng'ono analemba mayeso ake omaliza ku Chanco Lachinayi lapitali, ndipo ndinamulonjeza kalekale, ali chaka choyamba, kuti akadzamaliza ndidzamutengera kumalo odyera a chi Italy omwe ankangowamva kwa anzake. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndiye ndinati langali lisandidulitse wanga. Amayi anafika dzulo kuchokera ku Jali ndi kathumba ka mpunga ndi matemba a ku Chilwa, ndipo panalibe zoti n'kuwasiya pakhomo.

M'mawa ndinawaperekeza kumsika waukulu. Anatha mphindi zambirimbiri pa benchi imodzi ya tomato, kutembenuza mmodzimmodzi, kununkhiza, kunenerera mtengo mpaka wogulitsa anagonja n'kuwaikira basela. Ndinkangoyang'ana wotchi. Sindinadziwe kuti tomato ameneyu abweranso m'nkhani usiku.

Cha m'ma 5 koloko tinakwera takisi, chifukwa amayi ananeneratu kuti kabaza wa njinga yamoto sakwera ngakhale atawalipira. Tikudutsa pafupi ndi nyumba zakale za boma zija anayamba kukumbukira za kale, Zomba akadali likulu la dziko asanalisamutsire ku Lilongwe mu 1975, ndiponso aphungu akubwerabe kudzakumana kuno mpaka 1994. Akuti nthawi imeneyo malo odyera apamwamba munthu ngati iwo ankangowaonera panja podutsa ndi dengu pamutu. Mchimwene wanga anaseka n'kuti, "Lero mulowera khomo lakutsogolo, amayi." Iwo anangokonza duku.

Dzina la malowo sinditchula. Ndi abwino m'maso: matebulo a matabwa, nyali zofiirira, fungo la nkhuni ndi adyo likukulandira usanakhale pansi. Koma chiyambi sichinandisangalatse. Tinakhala, palibe wobwera. Patapita kanthawi kunalowa azungu anayi, alendo ooneka kuti angotsika kuphiri, nsapato zili matope okhaokha, ndipo asanakoke n'komwe mipando, woperekera zakudya wina anali atafika kale ndi mamenyu m'manja. Ife tili duu. Mwina sanatione, mwina tebulo lathu linali la wina, koma zinthu zoterezi ukaziona kangapo m'dziko lako lomwe, mtima sufunsanso kuti mwina. Ndinali pafupi kudzuka pamene kanabwera kamnyamata kena, kowonda, kovala epuloni yakuda, n'kugwada pang'ono pafupi ndi amayi: "Pepani amayi, takusungani. Mwaswera bwanji?" Mkwiyo wanga unatsika theka. Theka linalo ndikadali nalo.

Menyu inali m'Chitaliyana, kumasulira kwake m'Chingerezi, Chichewa ayi. Amayi anaigwira mozondotsa dala n'kundipatsa. Apa m'pamene mnyamata uja anaonetsa kuti ntchito yake amaidziwa. Sanatiwerengere mayina ngati akulakatula ndakatulo, anafotokoza m'Chichewa chomveka. Anati kwawo kwa zakudyazi sadya zonse m'mbale imodzi ngati ife: amayamba ndi kotsegulira m'mimba, antipasto, kenako primo yomwe kawirikawiri imakhala pasta, kenako secondo ya nyama kapena nsomba, n'kumalizira ndi zotsekemera. Amayi anafunsa kuti, "Nanga ndiwo amadya pazokha, nsima itatha?" Iye anati inde, zili ngati choncho. Anapukusa mutu ngati amva za maliro.

Atapempha madzi osamba m'manja ndinachita kamanyazi, ndivomere, ndipo tsopano ndikuchita manyazi kuti ndinachita manyazi. Mnyamatayo sanawalozere kubafa. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi jagi ya madzi ofunda ndi kabeseni, n'kuwathirira monga timachitira kwathu.

Choyamba kubwera chinali bruschetta: buledi wootcha, wopakidwa adyo, pamwamba pake tomato wodulidwa ting'onoting'ono, mafuta a olivi ndi timasamba tobiriwira. Amayi anatola katsamba kamodzi, kukatikita ndi zala, kununkhiza. "Uyu si mpungabwe uyu?" Mnyamata anati amautcha basil, koma ndi pachibale ndithu ndi mpungabwe womera kuseri kwa nyumba uja, womwe ena amathamangitsira udzudzu. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, kuti anthu akulipira ndalama kudya mankhwala a udzudzu. Koma anadya zidutswa ziwiri mwa zinayi. Inali yabwino: buledi wokhukhuta kunja, wofewa mkati, tomato wakupsa bwino, mchere wokwana.

Mchimwene wanga anaitanitsa pizza ya Margherita. Anali atawerenga kale, mwana wasukulu, ndiye anatipatsa phunziro losapempha: kuti kwawo kwa pizza ndi ku Naples, ndipo nkhani imene imakambidwa ndi yoti iyiyi anaitcha dzina la mfumukazi Margherita mu 1889, kufiira kwa tomato, kuyera kwa tchizi cha mozzarella ndi kubiriwira kwa basil kukuimira mbendera ya dzikolo. Inabwera yotentha, yopyapyala, m'mphepete muli timawanga takuda ta moto wa nkhuni. Amayi anati yapserera. Ine ndinati timawangato ndi tomwe tikukometsa, ngati nkhoko za mumphika. Apo anandimvetsa. Chomwe ndinaona n'choti tchizi anachita kuwaza ngati akuwerengera, ndipo pakati panali ponyowa pang'ono moti chidutswa ukachinyamula chinkagwetsa mutu. Koma msuzi wa tomato wa pansi pakewo, abale! Wosawawasa, wosatsekemera mopusa, wokhathamira ngati waphikidwa tsiku lonse.

Ine ndinalakwitsa kusankha. Ndinatenga spaghetti carbonara chifukwa ndakhala ndikuonera anthu akuiphika pa YouTube, ndipo ndikudziwa kuti ya ku Rome yeniyeni ilibe zambiri: mazira, tchizi cholimba cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino, nyama ya patsaya la nkhumba youmitsa ndi mchere yomwe amati guanciale, ndi tsabola wakuda. Kirimu saikamo. Yanga inabwera ikusambira mu kirimu, nyama yake ndi bekoni wamba wa m'sitolo, ndipo nditafika pakati pa mbale inali itayamba kuundana ngati phala la dzulo. Spaghetti yokhayo anaiphika bwino, yolimbirako pang'ono pakati, zimene iwo amati al dente, kutanthauza kuti dzino limve kuti laluma kanthu. Amayi analawa kamodzi n'kunena kuti, "Izi sizinapse, abwezereni." Ndinawauza kuti n'dala. Anandiyang'ana ngati ndawanamiza.

Ndinamufunsa mnyamata uja za kirimu, mwaulemu. Sanazembe. Anati tchizi cha mtundu umenewo n'chochokera kunja, chimavuta kupeza ndiponso n'chodula, ndipo alendo ambiri akaona carbonara yopanda kirimu amadandaula kuti yauma. Ndinamumvetsa, koma ndikanakonda akanandichenjeza ndisanaitanitse. Mbale imeneyi inali yodula kuposa zonse patebulo, ndipo ndi yokhayo yomwe inabwerera kukhitchini isanathe.

Tsopano za amayi. Iwo anakana pizza, anakana pasta, n'kufunsa ngati kuli chilichonse chophikidwa ndi ufa. Mnyamata anamwetulira n'kuti lero kuli polenta ndi nyama ya ng'ombe yophika mu tomato. "Ndi nsima ya ku Italy, amayi. Ya chimanga." Amayi anaongoka pampando. Anakumbukira kuti msuweni wawo wina, malemu, anagwirapo ntchito yophikira ansembe a chi Italy kumbali ya Balaka, ndipo ankasimba kuti azunguwo amadya nsima yachikasu. Iwo ankayesa nthabwala. Si nthabwala: ambiri mwa ansembe a chipani cha Montfort omwe anabwera ku Mangochi ndi Balaka anachokera dera la Bergamo kumpoto kwa Italy, komwe polenta ndi chakudya cha makolo. Chimangacho chinafika kwawoko kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1500, monganso tomato, ndipo chinasanduka chakudya cha alimi osauka. Ulendo wake sukusiyana kwenikweni ndi wa chimanga chathu.

Koma inachedwa. Pizza inabwera, pasta inabwera, amayi ali manja lende. Ife kwathu sitiyamba kudya wamkulu asanalandire, ndiye tinadikira mpaka iwo anatikalipira kuti tidye zisazizire. Apa khitchini inalakwa: ngati akudziwa kuti polenta imafuna kutakasa kwa mphindi 40 kapena kuposerapo, akanachedwetsa zathuzo kuti zonse zifikire limodzi. Pakati pa kudikirako magetsi anazima. Panamveka "aaa" wa nthawi zonse uja, azungu aja anawomba m'manja ngati ndi gawo la zisangalalo, ndipo anyamata anabweretsa makandulo jenereta isanalire. Uvuni wa nkhuni wokha sunadziwe kuti kwachitika kanthu.

Itafika, amayi anaiyang'ana nthawi yaitali. Yachikasu, yofewa kuposa nsima koma yolimba kuposa phala, atayala m'mbale n'kuthira nyama pamwamba. Choyamba chomwe ananena n'choti mtunduwo ukuwakumbutsa chimanga cha chithandizo cha chilala cha 1992, chomwe anthu ankadya atatsinzina. Anakankhira foloko pambali, kuyesa kutema mbamu ndi dzanja, koma inakana kuumbika, n'kumata zala. Anagonja n'kutenga supuni. Kulawa koyamba: "Athiramo mchere!" Kachiwiri: "Ndi batala." Kwa iwo kuthira mchere mu nsima n'chimodzimodzi kuvala malaya chakunja mkati. Anati ufa wake ndi wamisere ngati mgaiwa wogayitsa pachigayo chotopa, ndipo wophikayo akanabwera ku Jali akanamuphunzitsa kugwira mthiko.

Akudandaula chonchi, supuni sinaime. Nyama inali yofewa moti inkangomasuka yokha, ndipo msuzi wake unali uja wa pa pizza koma wozama kuposerapo. Anakombeza mbale ndi kachidutswa ka buledi komwe anabisa kuchokera pa bruschetta. Atatero anamuitana mnyamata uja ndi dzanja: "Mwananga, tomato ameneyu amachokera kwawo komweko?" Iye anati ayi, ndi wa pamsika wa Zomba pompano, amakagula m'mawa. Amayi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndiye anayamba kumufunsa ngati wapolisi. Amasenda? Inde, amayamba amuviika m'madzi otentha kuti khungu lichoke. Anyezi? Pang'ono, ndi adyo, pamoto wochepa, osalola kuti zipserere. Madzi? Sathira, tomato amatulutsa ake. Nthawi? Maola awiri kapena kuposa, moto wa pansipansi. Amayi anati, "Maola awiri, tomato yekha? Makala ake ndani?" Ife tomato timamukazinga mphindi zisanu mafuta ali chethechethe, n'kuthira madzi, basi ndiwo zapsa.

Ndikaganiza bwino, zonse zomwe zinakoma usiku uno zinali za konkuno. Tiramisu, chotsekemera chokhala ndi khofi chomwe mchimwene wanga ankachiyembekezera, anati chatha. M'malo mwake anatipatsa panna cotta, kirimu woundana wonjenjemera pa supuni, pamwamba pake sitiroberi za kuphiri, zomwe anyamata amagulitsa m'timadengu m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe. Zing'onozing'ono, zonunkhira, zowawasira pang'ono moti zinadula kutsekemera kwa kirimu. Tinagawana mbale ziwiri anthu atatu. Mchimwene wanga anaitanitsa espresso kuti aoneke wozindikira, ndipo atamubweretsera kakapu kangati chotsekera botolo amayi anafunsa ngati kameneko n'kolawa chabe, khofi weniweni akubwera. Iye anamwa ali chinyinyiri, n'kunena kuti ndi wabwino kwambiri. Pano ndikumumva akuyendayenda pabalaza, tulo tamuthawa.

Bilu inabwera ndi woperekera zakudya woyamba uja, wothamangira azungu. Anadutsa ine, anadutsa amayi, n'kukaiika patsogolo pa mchimwene wanga, munthu amene m'thumba mwake munali ndalama ya kabaza yokha. Iye anaitsegula, maso anatuluka, n'kuikankhira kwa ine pansi pa tebulo: "Achemwali, izi ndi zanu." Ndinalipira pa foni, netiweki inavutavuta koma inadutsa. Amayi anafunsa kuti zakwana zingati. Ndinatchula theka, ndipo ngakhale thekalo anagwira pakamwa n'kuwerengetsa kuti ndi matumba angati a makala. Kangachepe ndinamupatsa m'manja mnyamata wa epuloni yakuda uja, osati kusiya patebulo, kuti kasasochere. Amayi anamufunsa kwawo. Anati ku Mayaka. Anamuuza kuti apereke moni kwa amayi ake ngati amawadziwa.

Ndidzapitanso, koma ndidzadya pizza ndi chilichonse chokhala ndi msuzi uja, carbonara ndidzaisiyira ena. Ndipo ndikadzakhalanso duu ngati lero ndidzalankhula, sindidzangomeza.

Zidutswa ziwiri za pizza zomwe zinatsala amayi anazikulungitsa kuti adzukulu alawe mawa. M'takisi pobwerera sanayankhule zambiri, mpaka tikukhota kulowa ku Matawale m'pamene anandifunsa ngati m'nyumba muli adyo. Mulibe. Tomato wawo wa m'mawa uja amuyala pawindo la kukhitchini, asankhapo kale wakupsa kwambiri n'kumuika payekha, ndipo andilamula kuti tikamachokera ku Misa yoyamba tidzere kumsika, ndigule adyo ndi makala ena.