Maluwa anga anasamukira kudzala

Pansi pa mtengo waukulu wa kuseri kwa nyumba yathu sipankamera kanthu, ngakhale kapinga ankakana. Mnzanga wina wodziwa za zomera anati ndisavutike ndi maluwa akunja ofuna dzuwa tsiku lonse, koma ndidzale amtchire, omwe anazolowera kale mthunzi. Anandipatsa mitu ya duwa lotchedwa Scadoxus multiflorus, lomwe limamera lokha m'madera ambiri a mu Africa. Mituyo imaoneka ngati anyezi koma ili ndi poizoni, ndiye anandichenjeza kuti isayandikire kukhitchini.

Ndinakumba, n'kuthira manyowa a masamba owola, n'kudzala. Masamba anatuluka obiriwira bwino, moti pakhomo ndinayamba kuyenda modzitukumula.

Chitafika chilimwe, masamba aja anachita chikasu, kenako anagwa onse. Ndinathirira m'mawa ndi madzulo, koma ayi ndithu. Palibe anandiuza kuti duwali limagona m'chilimwe, ndiponso kuti madzi ambiri panthawiyo amawoletsa mitu. Mayi a kunyumba akuti mnzanga uja ananena zonsezi ine ndili pomwepo ndikuseweretsa foni, koma iwowa amakonda kukokomeza.

Nditatopa, ndinatenga khasu, ndinafukula mitembo yonse n'kukaitaya kudzala, pamthunzi wa kuseri kwa chimbudzi.

Mvula yoyamba itagwa, ndinangomva kuitana: "Bambo, tabwerani kuno! Malemu anu aja auka." Pakati pa zigoba za mazira, nsapato yong'ambika ndi mabotolo osweka panali patatuluka maluwa ofiira psuu, ozungulira, lililonse paphesi lake, popanda tsamba n'limodzi lomwe. Duwa limodzi lotere limatha kukhala ndi timaluwa tofika 200. Pabedi langa lija, lomwe ndinalizunguliza njerwa zopaka laimu, panali matope ndi nyerere basi.

Chomerachi chimachita maluwa kamodzi pachaka ndipo sachedwa kufota, choncho aneba anathamangira kudzaona. Aliyense ankaima pafupi ndi chimbudzi, dzanja lina litagwira mphuno, lina likujambula. Mayi ena anafunsa chinsinsi changa. Ndinawauza modekha kuti zomera zamtchire zimafuna munthu wodziwa kusankha malo. Mayi a kunyumba chifuwa chinawagwira pomwepo, mpaka anathawira m'nyumba.

Ndinafuna kuwabwezera maluwawo pansi pa mtengo, koma mnzanga uja anati sakonda kusunthidwasunthidwa, amatha kunyanyala osachita maluwa chaka chotsatira. Ndiye pano zinyalala tikumataya pabedi lija la njerwa.