Loya wachinyamata amene akuluakulu amamutuma ku Kasungu

Ku England kuli maloya amene ntchito yawo yaikulu n'kuima m'khoti, ndipo aliyense amene sanafike pa udindo wapamwamba wa maloyawa, wotchedwa King's Counsel, amawerengedwa wamng'ono ngakhale atamera imvi. Kwathu kuno loya mmodzi yemweyo amalandira mwini mlandu, kulemba zikalata, n'kukaimanso pamaso pa woweruza. Mbiri ya wachinyamata imamangidwa pa zonsezi, ndipo oimanga ndi makalaliki a kukhoti, mamajisitireti, komanso maloya akuluakulu a ku Lilongwe amene amasankha woti adzuke m'mamawa kugwira msewu wa M1 kukaimira mlandu ku Kasungu.

Amatuma wodziwa fayilo. Majisitireti akafunsa kuti wozengedwayu anamangidwa liti, yankho lizituluka pepala lisanatsegulidwe, chifukwa gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo pempho la belo lambiri limatsamira pamenepo. Wodziwa ntchito amafikanso ndi achibale omuimira munthuyo, ziphaso zawo za unzika zili m'manja. Belo ikaperekedwa achibalewo ali ku Santhe kapena ku Chamama, munthu amakagonanso m'chitokosi.

Chimene ambiri amachiphonya ndi kutchera khutu. Khoti limalemba m'Chingerezi, pomwe mboni zimayankhula Chichewa, kapena Chitumbuka zikachokera cha ku Nkhamenya. Mboni ikati munda anachita kubwereka, womasulira n'kunena ngati anapatsidwa, loya aimirire pomwepo n'kupempha mwaulemu kuti akonze. Akadikira apilo ndiye kuti wachedwa, poti bwalo lalikulu limawerenga zimene zinalembedwa basi. Pofunsa mboni ya mbali ina, funso likhale lalifupi, la mfundo imodzi, ndipo yankho lake akhale akulidziwa kale. Kukalipira agogo amene abwera kudzanena za malire a munda kumasangalatsa anthu a pabenchi, koma woweruza amangomvera chisoni agogowo.

Pali china chovuta kwa achinyamata: kuuza khoti za chigamulo chakale chimene chikutsutsa mbali yako. Ntchito imafuna choncho. Wobisa amapezeka ndithu, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene wanena woweruza amakachifufuza yekha.

Mwini mlandu naye auzidwe zoona tsiku loyamba. Wovulala pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 3 zoti asume, akapitirira apo mlandu umafa ngakhale umboni uli bwino. Wantchito wa pa esiteti ya fodya amene wachotsedwa popanda chifukwa, nkhani yake ndi ya khoti la za ntchito, Industrial Relations Court. Wopanda ndalama alozeredwe ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, osati kumugulitsitsa mbuzi pa mlandu woti sapambana. Nanga kupempha kuti mlandu uimitsidwe chifukwa sunakonzeke? Mboni zalipira kabaza ndi minibasi kuchokera kutali, ndipo zina ulendo wachiwiri sizibweranso.

Za ndalama n'zachidule. Za mwini mlandu, monga chipukuta misozi chochokera ku inshuwalansi, zimasungidwa mu akaunti yakeyake, osasakaniza ndi za ofesi. Malipiro agwirizane polemba ntchito isanayambe, ndipo kwacha iliyonse ikhale ndi risiti. Dandaulo la ndalama likafika ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, loya angathe kuimitsidwa ntchito kapena kufufutidwa m'kaundula wa maloya.