Alamu yanga inagwira wakuba mmodzi yekha

Malume anga amakhala kumtunda kwa Chitakale, kumene minda ya tiyi imakathera m'tsinde mwa phiri. Ali ndi nkhuku zoposa 40 ndipo amazidziwa iliyonse ndi maanga ake. Akuba atawabera kawiri, ine n'kufika kudzakhala nawo pa holide, anandilandira ndi funso moni asanapereke: "Mphwanga, zamakompyuta ukuphunzirazo zingagwire wakuba, kapena n'zongothera fizi?"

Ndinati zingagwire. Anati adzandilipira. Mtengo sitinatchule.

Ndinali ndi ka Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'thumba la malaya, koyendera Linux. Pachitseko cha khola ndinaikapo swichi ya maginito. Alamu ndinakagula ku Limbe, yolira ngati ambulansi, n'kuilumikiza ku batire ya galimoto kudzera pa relay, swichi imene Pi imatha kuyatsa ndi kuzimitsa. Munthu wanzeru akanalemba mizere 10 ya Python n'kukagona. Ine ayi. Ndinali nditangowerenga kumene za kernel, mtima wa Linux umene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991, ndiye ndinafuna driver yangayanga, pulogalamu yokhala mu kernel yoyendetsa chipangizo, yolembedwa m'chinenero cha C, anzanga kusukulu akandimve.

Kuti mumvetse manyazi anga, yambani mwadziwa chinthu chotchedwa interrupt. Purosesa sikhalira kufunsa chitseko kuti "kodi watsegulidwa?" Imagwira ntchito zake, ndipo chipangizo chikakhala ndi nkhani chimaikoka, monga mwana amakokera chitenje cha mayi ake ali pakati povundula nsima. Mayi amasiya mthiko, kumva dandaulo, n'kubwerera pa mphika. Kapulogalamu koyankha kukokako amati handler, ndipo umakalembetsa ku kernel ndi request_irq. Kanga kanali ndi ntchito ziwiri basi: kuyatsa alamu, ndi kutchera timer yoti pakatha masekondi 30 izimitse.

Malume anatsekera zonse m'bokosi lachitsulo, kulikhomera pamtanda wa khola, loko wamkulu khwe, kiyi pa lamba wawo. Anati wakuba wa masiku ano amayambira batire.

Panapita milungu itatu. Wakuba sanabwere, malipiro sanabwerenso. Ndikakumbutsa, yankho linali limodzi: "Wagwira ndani?" Ndiye mtsikana wina wa ku Luchenza, amene ndinamuvutikira chaka chathunthu, anatumiza uthenga kuti Loweruka atsika pa Chitakale adzandione. Mlendo wotero sumulandira ndi chigwada. Ndinawerengetsa bwinobwino ndipo ndinapeza kuti ntchito yanga ikuposa msoti umodzi kutalitali. Kumeneko sikuba, ndinadziuza, ndi kudzilipira. Ikasowa tidzanamizira vumbwe.

Lachisanu usiku, mwezi wa June, chiperoni chitakuta phiri lonse, ndinatuluka cha m'ma 1 koloko nditavala kabudula n'kufunda bulangete. Ndinalowa mu Pi ndi foni kudzera pa ssh, njira yolamulira kompyuta uli patali, n'kulemba halt, lamulo loimitsa makina.

Tsono Linux sizima ngati nyali. Kuzima kwake kuli ngati kuweruka pa esiteti. Choyamba systemd, pulogalamu yoyang'anira anzake, imauza mapulogalamu onse ndi SIGTERM kuti alongedze, ouma mutu imawakankha ndi SIGKILL. Zolembedwa zonse zimakasungidwa pa kadi. Kenako kernel imayenda ngati kapitawo ndi device_shutdown, kugogoda pa driver iliyonse, kuyambira imene inabwera pomaliza kubwerera m'mbuyo. Nthawi yonseyi ma interrupt amakhala akulowabe. Amadzatsekedwa kumapeto kwenikweni, purosesa ikamaima. Choncho driver iliyonse iyenera kutseka khomo lake yokha. Umayamba waitana free_irq, imene imachotsa handler, ndipo ikaipeza ili pakati pa ntchito imadikira imalize. Ukatero ndiye uchotse timer, uzimitse zotsalazo. Wagolosale aliyense amadziwa zimenezi: amatseka kaye chitseko, ndalama n'kuwerenga pambuyo.

Ine ndinkawerenga ndalama chitseko chili chotsegula. Shutdown yanga, gawo la driver limene kernel imaitana pozimitsa makina, inkazimitsa alamu, kuchotsa timer, kenako, chifukwa cha matama basi, inkaphethiritsa kagetsi kobiriwira katatu kwa masekondi atatu ngati kutsanzika. Nanga free_irq? Ndinaiika mu remove mokha, gawo lina limene limagwira ntchito ukamachotsa driver makina ali moyo. Pozimitsa makina, kernel siyang'anako n'komwe.

Ndinaima pakhola kuyang'ana kagetsi pakabowo ka bokosi. Phethi. Phethi. Ndinati basi yagona, n'kukoka chitseko.

Handler yanga, yokhulupirika kuposa mwini wake, inamva kukoka ija n'kuchita zimene ndinaiphunzitsa. Inayatsa alamu. Inatchera timer ya masekondi 30. Patangopita sekondi imodzi, kernel inatseka ma interrupt onse n'kuimitsa purosesa. Timer nayonso imadzuka ndi interrupt ya wotchi, ndiye wotchiyo itatsekedwa pakamwa, masekondi 30 aja sanakwane mpaka lero. Pini ya GPIO, kawaya ka Pi kolamula relay, inatsala momwe handler inaisiyira, relay ili gwa, batire yodzaza.

Wiyuuu! Wiyuuu!

Pali chinthu chimene sindimvetsa ngakhale pano. M'malo mothawa, ndinalowa n'kugwira msoti uja. Mwina mutu unali utaima limodzi ndi purosesa, manja okha akupitiriza pulogalamu. Ndinaima pakati pa nkhuku zolira kwekwekwe, msoti kukhwapa, ndikuwerenga mokweza. 28, 29, 30. Alamu osasiya. Ndinati mwina ndawerenga mothamanga, ndinayambiranso. Pofika 90 ndinatulutsa foni kuti ndilowe mu Pi, koma ungagogode bwanji pakhomo pa munthu amene wamugoneka wekha? Ndinadumphira bokosi. Loko wa malume anandiyang'ana.

Agalu a mudzi wonse anali atadzuka. Malikhweru a polisi ya m'mudzi anayamba kulira kumunsi, wina akukuwa, "Wakuba! Wakuba kwa achimwene!" Anthu othyola tiyi, oti m'bandakucha alawire kumunda, anatuluka ndi zikwanje, zibonga ndi matochi. Woyamba kufika anali mwini khola, atavala vesiti, chibonga m'manja. Tochi inayamba pa miyendo yanga yotuwa, kukwera pa bulangete, kuima pang'ono pa msoti, n'kudzathera pankhope.

"Mphwanga?"

"Ndine, malume. Ndimayesa makina."

"Nkhukuyo nayonso ndi makina?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma ine ndinalankhula, ndipo ndi pamene zinaipiratu. Poti alamu inali ikulirabe, ndinachita kukuwa. Ndinafotokozera anthu oposa 20 kuti vuto si ine, vuto ndi lakuti kernel yagona interrupt italowa kale. Mkulu wina wa polisi ya m'mudzi anandigwira pamkono. "Keneloyo ndi ndani? Wagona pati?" Ndinati ali m'bokosi. Anayang'ana bokosi, n'kundiyang'ana ine, n'kuuza anyamata awiri kuti akasake kuseri kwa tiyi, mnzakeyo sanapite patali. Anyamata anapitadi. Ndinawamva akuitana mumdima, "Kenelo! Tuluka, takuona!"

Kiyi nayenso anatisambula. Lamba anali pa thalauza, thalauza azakhali anali ataliviika m'beseni madzulo, ndipo kiyi anamuchotsa n'kumuika pamalo abwino amene anawaiwala. Anafufuza pansi pa mphasa, m'chitini cha shuga, m'Baibulo. Mwana wa oyandikana nawo analira mpaka kusanza. Mapeto ake bambo wina anakwera pa ndowa n'kudula waya wa alamu ndi chikwanje. Kunangoti zii, moti ndinamva msoti ukupuma kukhwapa kwanga. Ndinali ndisanausiye.

Mlandu unatha m'mawa pakhonde. Malume anati anthu sangadzuke usiku wa chiperoni n'kubwerera ndi njala, ndiye msoti womwewo unaphedwa, anadya amene anabwera ndi zikwanje. Ine anandiikira zipalapasiro. "Malipiro ako ndi amenewo," anatero. Wa ku Luchenza uja sanatsike minibasi. Akabaza a pa Chitakale anali atamuuza kale zonse pawindo, ndi zowonjezera: akuti tinali awiri, winayo msilikali.

Masana ndinatsegula laputopu. Kukonza kwake sikunatenge mphindi zisanu: free_irq pamzere woyamba wa shutdown, timer pambuyo pake, alamu pomaliza, kagetsi ka matama kuchotseratu. Ndinapita kwa malume, amene anali akulumikiza waya uja ndi selotepi, kiyi atapezeka m'thumba la diresi la azakhali.

"Malume, ndapeza pamene panalakwika. Tsegulani bokosi ndikonze."

Sanatembenuke n'komwe.

"Ukonze chiyani? Makinawa agwira wakuba usiku womwe uno. Usawakhudze."