Antivayirasi inameza fayilo yanga, ine n'kutaya tsiku lathunthu ndikuifuna kolakwika

Ndiyambe ndi mawu amene ndikanakonda wina akanandiuza Lolemba m'mawa: antivayirasi ikakulandani fayilo, musathamangire kuichotsa pa kompyuta chifukwa chopsa mtima. Nthawi zambiri fayiloyo imakhala ilipo ndithu, yangobindikiritsidwa m'chipinda chimene amachitcha quarantine, ndipo kiyi wa chipindacho ali ndi antivayirasi yomweyo. Mukaithamangitsa imapita ndi kiyi, ndipo zina pochoka zimasesa ndi za m'chipindamo zomwe.

Chimene anandilanda ine ndi kapulogalamu kakang'ono kamene mnzanga anandilembera m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, n'kukamanga ndi chida chotchedwa PyInstaller kuti kakhale fayilo imodzi ya .exe, mtundu wa fayilo ya pulogalamu pa Windows. Ntchito yake n'kusintha mayina a zithunzi mazanamazana potsata tsiku limene zinajambulidwa, basi. Ndakagwiritsa ntchito zaka zitatu popanda chovuta. Mnzangayo anataya kalekale zimene analemba pokapanga, ndiye ka .exe aka ndi kokhako kamene kanatsala. Lolemba lija nditayatsa kompyuta, antivayirasi inali italandira update, kauthenga kanangothwanima pakona n'kuzimiririka ndisanakawerenge. Kutsegula foda, muli mbee.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti pa fulashi ndili ndi kope lina. Ndinaisomeka, ndipo ndisanakhale n'komwe bwino pampando, kope lija nalo linamezedwa. Ndinangoti kukamwa yasa. Inde, yogwira woyamba uja ikanamusiya bwanji mapasa mnzake? Musasomeke fulashi yanu musanakonze vutolo, anzanga.

Koma chimene chikundiwawabe mpaka pano ndi Lachiwiri. Tsiku lonse lathunthu! Ndinadziuza kuti fayilo yafufutidwa, choncho ndinayamba ndi Recuva, pulogalamu yobwezera mafayilo ofufutidwa. Sinapeze kanthu. Ndinapita pa PhotoRec, imene imafufuza disiki yonse chidutswa ndi chidutswa, ndipo ndinakhala ndikudikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kompyuta ikutentha, ntchito zina zonse zitaima. Pomaliza inandikhuthulira mafayilo zikwizikwi m'mafoda otchedwa recup_dir, onse ataya mayina awo, angokhala chilembo f ndi manambala. Zithunzi zakalekale, tizidutswa ta zinthu zimene sindikuzidziwa n'komwe, koma kapulogalamu kanga ayi. Mlandu si wa mapulogalamu awiriwa, ntchito yawo anaigwira. Wolakwa ndinali ine. Fayilo ikalowa mu quarantine imasamutsidwa n'kusokonezedwa dala kuti isathe kugwira ntchito, moti wofufuza wina sangaizindikire. Komanso disiki yanga ndi SSD, ya mtundu watsopano yosazungulira ija, ndipo pa SSD pali lamulo lotchedwa TRIM limene limachititsa kuti malo a fayilo yofufutidwa ayeretsedwe msanga. Kunena zoona, ndinkasaka mbuzi kuthengo pamene ili m'khola.

Ngati yanu yafufutidwadi, osati kubindikiritsidwa, mapulogalamu amenewa angathandize, makamaka pa hadi disiki yakale yozungulira ija kapena pa fulashi. Koma lekani kusunga chilichonse pa disiki imeneyo, pulogalamu yobwezerayo muiike pa disiki ina, ndipo zimene yapeza muzisungenso kwina. Mukapanda kutero mumalemba pamwamba pa chimene mukufunacho.

Usiku wa Lachiwiri umenewo ndinatsala pang'ono kudina Uninstall, batani lochotsera antivayirasiyo. Mwayi wanga ndinayamba ndatsegula antivayirasiyo kuti ndiione komaliza, n'kulowa pamene imasunga mbiri ya zimene yagwira. Makope onse awiri anali pomwepo, la pa kompyuta ndi la pa fulashi, tsiku ndi ola zolembedwa bwinobwino. Ndikubwereza: musaichotse musanabweze zinthu zanu. Musazengerezenso, chifukwa ma antivayirasi ambiri amakhuthula quarantine okha pakapita masiku.

Dzina la mlandu wake linali ndi mawu akuti Generic ndi Heur. Mukaona mawu amenewa, dziwani kuti sinazindikire vayirasi yodziwika ndi dzina, yangokayikira maonekedwe. Kapulogalamu kopanda siginecha ya kampani, kogwiritsidwa ntchito ndi anthu ochepa, kodzimasula kokha kakamayamba, kenako n'kusintha mafayilo ambiri nthawi imodzi, kamafanana kwambiri ndi ransomware, vayirasi yotseka mafayilo anu n'kufuna dipo. Opanga mavayirasi nawonso amamangira zawo mu PyInstaller, ndiye osalakwa amapsera limodzi.

Ndinadina Restore, batani loitulutsira mu quarantine, fayilo inabwera, ndipo pomwepo inagwidwanso. Kawiri konse ndinachita zimenezi ngati wopepera. Muyenera kuyamba mwaika exclusion, ndiko kuiuza antivayirasi kuti apa usakhudzepo. Ine ndinapanga foda yatsopano yopanda kanthu, ndinaiika pa exclusion, kenako ndinabwezera fayilo mmenemo. Foda imodzi yokha. Osaika disiki yonse, ndipo foda ya Downloads musaiyerekeze n'komwe, popeza ndi khomo limene zoipa zenizeni zimalowera.

Ndaiwala kunena, ndipo n'chofunika kuposa zonse: ikabwera musaitsegule msanga. Kuikonda fayilo si umboni wakuti ilibe matenda, mwina antivayirasi ikunena zoona. Ine ndinaitumiza pa webusaiti ya VirusTotal, imene inayamba mu 2004 ndipo Google inaigula mu 2012. Imayeza fayilo ndi ma antivayirasi oposa 70 nthawi imodzi. Pa yanga anadandaula ochepa, osakwana zala za dzanja limodzi, onse ndi mayina ongokayikira aja. Akanakhala ambiri, akutchula dzina limodzi la vayirasi, ndikanaisiya m'chipinda momwemo. Chenjezo lake n'lakuti zimene mwatumiza kumeneko akatswiri a chitetezo amatha kuzitenga, choncho makalata achinsinsi musatumizeko. Mukhoza kungofufuza ndi SHA-256 ya fayiloyo, nambala yaitali yokhala ngati chidindo cha chala chake, imene lamulo la Get-FileHash mu PowerShell (pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo) limakupatsani, ngakhale kuti zimathandiza pokhapokha ngati wina anaitumizapo kale.

Mtima unakhalako pansi nditakumbukira kuti zinagwerapo akuluakulu. Mu 2010, update ya antivayirasi ya McAfee yotchedwa DAT 5958 inatenga svchost.exe, fayilo ya Windows yeniyeni, ngati vayirasi, ndipo makompyuta ambirimbiri a Windows XP Service Pack 3 ankangozima n'kuyaka osalekeza. Nanga kapulogalamu kanga n'ndani?

Chotsiriza chinali kudziwitsa kampani ya antivayirasiyo kuti yalakwitsa. Ndinayesa pa imelo, koma imelo inakana .exe, ngakhale nditaiika mu zip. Theka la ola linapitanso pamenepo. Njira yake ndi fomu ya false positive, ndiko kugwira fayilo yosalakwa, pa webusaiti yawo. Ena amafuna kuti fayilo ikhale mu zip yotsekedwa ndi pasiwedi, ndipo pasiwedi yozolowereka pa ntchito imeneyi ndi liwu lakuti infected. Ndinalemba mizere itatu yofotokoza ntchito ya kapulogalamuko n'kutumiza. Sanandiyankhe ndi liwu limodzi lomwe, koma patapita masiku angapo ndinachotsa exclusion ija n'kuyeza fodayo, antivayirasi inangodutsa osanena kanthu. Kope la pa fulashi pano lili mu zip ya pasiwedi, mmene singathe kusuzumiramo, ndipo mafoda a recup_dir aja ndikuwafufutabe.