Mayeso a Fomu 2 anatuluka ndi mayankho ake

Sabata ino inali yokonza mayeso a pakati pa teremu. Lolemba ndi Lachiwiri ndinagona mochedwa, ndikulemba mafunso 40 a masamu a Fomu 2 mu LaTeX, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera zolemba monga za masamu pogwiritsa ntchito malamulo olembedwa. Anzanga ena amati ndimadzivutitsa, koma aliyense amene anaonapo ma fraction akubalalika mu Word fayilo ikangotsegulidwa pa kompyuta ina akundimvetsa. Mu exam class, gawo la LaTeX lokonzera mapepala a mayeso, yankho lililonse ndimaliyamba ndi \choice, lolondola ndi \CorrectChoice. Ndikangowonjezera \printanswers pamwamba, lolondolalo limatuluka ndi zilembo zakuda kwambiri, basi pepala lochongera lapezeka.

Choncho pa flash panali ma PDF awiri, la ana ndi langa, mayina ake omveka bwino. Ndinapempha kuti ndikasindikize ndekha. A depyute anakana, ati mphunzitsi salowa m'chipinda cha makina osindikizira nthawi ya mayeso. Ndinasiya flash, n'kupita kukalasi.

Lachinayi m'mawa, ana atakhala kale, ndinang'amba envelopu. Funso loyamba, B wakuda bii. Funso lachiwiri, D wakuda bii. Mtima unangoti phwii. Anasindikiza pepala lochongera, makope 140, popanda ngakhale mmodzi woyang'ana tsamba loyamba. Mtsikana wina wa kutsogolo, yemwe ndinali nditamupatsa kale pepala, anakweza dzanja: “Sala, mayankho enawa bwanji akuoneka mosiyana?” Ndinamuthokoza, n'kutolera mapepala onse.

Chimene chandipweteka si kulakwitsako ayi, munthu amalakwa. Koma nditapita ku ofesi, a hedi anati, “Aphunzitsi, mapulogalamu anu achilendowa ndi amene akutisokoneza, bwererani ku Word.” Za lamulo londiletsa kuona pepala langa lisanachulukitsidwe, sanazitchule n'komwe. Mapepala ena panalibe. Rimu imodzi imakhala ndi mapepala 500, ndipo oposa theka anali atapita pachabe. Tona, inki ya makinawo, nayenso anali akutha.

Usiku womwewo ndinasintha manambala m'mafunso ndi kusakaniza malo a mayankho. Mu LaTeX zimenezi sizinanditengere ola lathunthu. Lachisanu ndinagula rimu ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo ndinaima pakhomo la chipinda cha makina mpaka anandionetsa kope loyamba. Ana analemba masana, dzuwa likuswa mtengo, ena atatopa kale ndi mayeso a sayansi. Kuchonga ndiyamba mawa.