Tsiku limodzi pa Nkhotakota

Tinanyamuka pa Salima mbandakucha pa minibasi, kutsata msewu wa M5. Pa Chia ogulitsa nsomba anatizinga ndi chambo m'manja, koma ndinaugwira mtima, ndinati ndigula pobwerera.

Nditatsika pa boma ndinakwera kabaza. "Achimwene, mukufuna ku mtengo uja?" anafunsa mnyamata wopalasayo ndisanatchule n'komwe kopita. Ndi mkuyu waukulu womwe David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe, mfumu yachiswahili ya malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860, kumudandaulira kuti aleke kugulitsa anthu. Jumbe sanaleke. Ndinakhala pamuzu wake kwa nthawi yaitali. Kuno n'komwe ankasonkhanitsira anthu ogwidwa m'midzi yakumtunda, kuwalonga m'zombo, kuwaolotsa nyanja, kenako kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, doko la kunyanja ya mchere ku Tanzania. Tinaphunzira zimenezi kusukulu, inde, koma kuziwerenga m'buku n'kwina, kuona ndi maso nyanja imene anawolokera n'kwinanso. Mtima unandiwawa.

Chapafupi pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe anaika bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895. Sitima yakale ya panyanja yotchedwa Chauncy Maples inatenga dzina la iyeyu. Ndinalowa, ndinavula chipewa, ndinakhala kaye chete pabenchi.

Kumsika ndinasaka mpunga. Mayi wina anatapa m'dengu n'kundiyandikizira kumphuno. "Nunkhizani, bambo, uyu ndi faya weniweni." Fungo lake lokha linandigonjetsa. Ndinagula makilo asanu, ndi chitenje cha mayi akunyumba. Ndikumanga thumba ndinakumbukira kuti ulimi wa mpunga kuno unafala m'nthawi ya a Jumbe omwewo, ndipo thumbalo ndinalinyamula ndi maganizo awiri.

Nkhomaliro ndinadya m'kalesitilanti ka denga la malata: kondowole ndi chambo chootcha, pambali chigwada. Kondowole safuna kutafuna, umangomeza, ndipo wa tsikulo anali wosalala bwino kwambiri.

Dzuwa litapendeka ndinapita ku Mawira, kumene madzi otentha amatumphuka pansi. Amayi anali kalikiliki kuchapa, ana akusewera m'mbali. Ndinaviika chala n'kuchichotsa msanga.

Pobwerera, pa Chia paja, ndinagula chambo zinayi. Kondakitala anazimangirira kunja pagalasi la kutsogolo, ndipo zinalendewera pamenepo mpaka tinalowa mu Salima kutada.